Uthenga wa mawu: kukoka malipoti a mkungudza pa GBIF ndi kuwaika pa mapu

Mwaswera bwanji nonse a pagulu pano. Ambiri mwandifunsa funso limodzi lomwelo, la momwe mungakokere malipoti a malo amene mitengo inapezeka pa GBIF, nkhokwe ya pa intaneti ya deta ya zamoyo za padziko lonse, ndi kuwaika pa mapu a ntchito yanu ya mitengo ija, ndiye ndati ndingojambula kamodzi. Mumvetsere muli pafupi ndi kompyuta, muziimitsa pamene mukufuna kulemba.

Titenge mkungudza wa ku Mulanje, Widdringtonia whytei, poti misampha yonse imene ndikufuna muione ili pa mtengo umenewu. Tsegulani RStudio, pulogalamu yolembamo malamulo a R. Mufunika mapakeji asanu: rgbif, CoordinateCleaner, sf, ggplot2 ndi geodata. Amenewa mukatsitsire pa wi-fi ya pasukulu, musawononge bandulo yanu.

Yambani ndi dzina, osati malo. Lembani name_backbone, mkati mwa mabulaketi muikemo dzina lachilatini lija. Ikupatsani nambala yotchedwa usageKey, muisunge. Muyang'anenso pa matchType ngati palembedwa EXACT. Ndikulimbikira izi chifukwa kwa zaka zambiri akatswiri ena ankauphatikiza mtengowu ndi mbale wake, Widdringtonia nodiflora, amene amameranso pa Mulanje pomwepo, ku Zimbabwe mpaka ku South Africa. Choncho zitsanzo zina zakale zikhoza kukhala pansi pa dzina linalo. Kokani onse awiri mufananitse.

Tsopano occ_data. Pa taxonKey muike nambala ija, pa country mulembe MW, hasCoordinate ikhale TRUE. Mukapanda kutchula limit ikupatsani malipoti osapitirira 500, ndiye pa zamoyo zofala monga mbalame za ku Chilwa muzikweza. Imeneyi ndi njira yongolawira. Za mu lipoti lomaliza mugwiritse occ_download. Imafuna akaunti ya GBIF, yaulere, ndipo imakupatsani DOI, nambala yosasintha yolozera detayo pa intaneti, kuti wina aliyense adzathe kupeza deta yomweyo imene inu munagwiritsa ntchito.

Kumbukirani kuti a GBIF, ku likulu lawo ku Copenhagen, sakwera phiri kukawerenga mitengo. Chiyambire 2001 ntchito yawo ndi kusonkhanitsa zimene atumiza malo osungira zitsanzo za zomera ngati Kew ya ku London, nyumba zosungira zinthu zakale, ndi anthu oika zithunzi za zamoyo pa pulogalamu ya iNaturalist. Wina akalakwitsa kumeneko, cholakwikacho chifika kwa inu momwemo.

Kuika pa mapu n'kosavuta. Pa st_as_sf, pa coords, yambani ndi decimalLongitude kenako decimalLatitude, crs ikhale 4326. Kuno ku Zomba latitude ndi pafupifupi -15.4, longitude 35.3. Kamzere ka mainasi kakasowa, dontho lanu likagwera ku Sudan. Mukasinthanitsa latitude ndi longitude, ligwera m'nyanja ya Atlantic kumadzulo kwa Morocco. Malire a Malawi mutenge ndi gadm ya mu geodata, koma kumeneko dziko lathu ndi zilembo zitatu, MWI, ndipo zimene ikupatseni muzidutsitsenso pa st_as_sf. Kenako ggplot, geom_sf ya malire, geom_sf ina ya madontho. Basi, mapu atuluka.

Apa tsopano ndi pamene ndikufuna mundimvetsetse. Mapu akatuluka okongola, musathamangire kuwamata mu lipoti. Mkungudza kwawo ndi pamwamba pa phiri la Mulanje. Mukaona dontho pa Zomba, dzifunseni kuti lafika bwanji. Mwina ndi mtengo wodzala, chifukwa a zankhalango anaudzala pa phiri lathuli kalekale nthawi ya atsamunda. Mwina amene ankalowetsa deta anaika malo amene chitsanzocho chikusungidwa m'malo mwa kumene chinathyoledwa. Mwinanso pakapepala ka chitsanzocho panangolembedwa kuti Zomba, Nyasaland, ndiye patapita zaka wina anangoika dontho pakati pa tawuni. Alexander Whyte mwiniwakeyo, amene mtengowu unatengera dzina lake, ankagwira ntchito kuno ku Zomba m'ma 1890, ndipo zomera zambiri za nthawi imeneyo zinkadutsa muno.

Thamangitsani clean_coordinates, inde. Imaika chizindikiro pa madontho amene agwera pa ziro ndi ziro, pakatikati pa dziko, pa likulu, kapena pakhomo pa malo osungira zitsanzo. Koma iyo likulu imalidziwa ndi Lilongwe. Sidziwa kuti mpaka 1975 likulu linali kuno, ndiye madontho ongoponyedwa pa Zomba akhoza kudutsa osagwidwa. Amenewo ndi ntchito ya maso anu. Tsegulani tebulo, muwerenge locality, year, basisOfRecord ndi coordinateUncertaintyInMeters, mzere ndi mzere. Ngati kukayikira kwa malo kukuposa makilomita 10, dontho limenelo silingakuuzeni kuti mtengo uli mbali iti ya phiri. Ndipo inu muli ndi mwayi umene anzanu a kwina alibe: National Herbarium ili momwemuno, mutha kupita wapansi. Pemphani mwaulemu kuti akuonetseni zitsanzo, muwerenge zolembedwa pamenepo nokha.

Madontho okayikitsa musangowafufuta. Apatseni mtundu wina pa mapu, odzala wina, achilengedwe wina, ndipo mulembe mu sikiripiti chifukwa chake.

Chinanso, amene munatenga GPS yanu ku Mulanje. Mtengowu uli pamndandanda wa IUCN, bungwe la padziko lonse loteteza zachilengedwe, wa imene yatsala pang'ono kutheratu, ndipo odula mozemba ndi amene aufikitsa apa. Malo enieni a mtengo wamoyo kapena mbande musawaike pa mapu ogawira anthu. Gwiritsani round, pa latitude ndi longitude musiye nambala imodzi yokha kumanja kwa kadontho ka desimali, zenizenizo zikhale ndi inu ndi aphunzitsi anu.

Lachisanu munditumizire sikiripiti, DOI ndi mapu. Amene kompyuta yakana kulandira sf andipeze ku labu mawa masana, tikonzere limodzi. Zikomo.