Kusalana Khungu ku America: Kalata ya Willie Lynch Ija Ndi Yabodza

Moni nonse, mwaswera bwanji? Dinani kaye ka subscribe apo, tiyambepo. Lero tili ku America, nkhani yake colorism: anthu akuda okhaokha, kapena a Latino (anthu ochokera ku Latin America) okhaokha, kusalana poti uyu ndi woyererako, uyu ndi wakuda bii.

Choyamba, mwachangu. Mu 1662 atsamunda a ku Virginia anaika lamulo loti mwana wobadwa kwa mayi kapolo naye ndi kapolo, ngakhale bambo ake akhale mzungu mwini mundawo. Ena mwa ana oyererawo ankagwira ntchito za m'nyumba, ena ankamasulidwa, ndipo mwayi unayamba kukondera pamenepo. Ukapolo utatha kunabwera za kathumba kapepala kabulauni: pakhomo la phwando akuyerekeza nako mkono wako, ukada kuposa pepalalo, bwerera kwanu.

Chachiwiri, a Latino ali ndi mawu akuti "mejorar la raza", kutanthauza kukonza mtundu. Agogo kumuuza mdzukulu kuti apeze mwamuna woyera kuti ana adzatuluke bwino! Kafukufuku wa bungwe la Pew wa 2021 anapeza kuti a Latino 62 pa 100 alionse ku America amati khungu lakuda limabwezera munthu m'mbuyo.

Tsopano chachitatu, ndipo apa ndikhalitsapo, chifukwa kalata ya Willie Lynch mwanditumizira kambirimbiri pa WhatsApp. Akuti mu 1712 mzungu wina, Willie Lynch, anaima m'mbali mwa mtsinje wa James ku Virginia n'kuphunzitsa eni akapolo kuti adanitse oyerera ndi akuda kwa zaka 300. Abale anga, ndi bodza limenelo. Palibe nyuzipepala, kalata kapena buku la nthawi imeneyo lotchula zoterezi. Chikalatachi chinatchuka m'ma 1990, makamaka Louis Farrakhan, mtsogoleri wa gulu la Nation of Islam, atachitchula pa Million Man March, msonkhano waukulu wa amuna akuda ku Washington, mu 1995. Olemba mbiri monga Jelani Cobb anachifufuza n'kupeza kuti Chingerezi chake ndi cha masiku ano. Muli mawu akuti "refueling", kuthiranso mafuta. Mu 1712? Ankathira mafuta mu chiyani, m'bulu? William Lynch wa ku Virginia amene mbiri imamudziwa anabadwa mu 1742, patatha zaka 30.

Chimandinyansa n'chakuti bodzali limapeputsa nkhani. Limakhala ngati panali mfiti imodzi yomwe inalodza anthu, pomwe zinali m'malamulo, m'ndalama, m'maukwati, mpaka lero polemba ntchito ndi posankha nkhope za pa TV.

Mai ena analemba kuti "koma uthenga wake ndi woona". Mayi, lamulo la 1662 lilipo, lenileni, tumizani limenelo.

Chachinayi chinali cha mafuta oyeretsa khungu aja adzadza m'misika mwathu muno, koma nthawi yatha. Lachisanu tidzaona zomwe hydroquinone ndi mercury, zopezeka m'mafuta ena oterewa, zimachita pathupi. Dinani kabelu kuti isakupiteni.