Manambala a E Kumbuyo kwa Paketi: Ndi Poizonidi?

Takulandiraninso abale anga! M'manjamu ndili ndi botolo la juwisi lomwe ndagula ku Limbe m'mawawu. Tengani lanu, mulitembenuze, tiwerengere limodzi tizilembo ta kumbuyoti.

Choyamba, mwachangu: manambala a E amenewa akuimira zinthu zomwe mafakitale amathira mu zakudya ndi zakumwa. Amathiriramo chiyani zinthuzi? Kuti chakudya chisawole msanga, chioneke bwino ndiponso chikome. Manambala oyambira pa E100 ndi opatsa mtundu, oyambira pa E200 ndi oteteza kuwola. Basi, tipitirire.

Chachiwiri, amayang'anira ndani? Pa dziko lonse pali Codex Alimentarius, komiti yoika miyezo ya zakudya, yomwe FAO ndi WHO, mabungwe a United Nations oona za chakudya ndi zaumoyo, anakhazikitsa mu 1963. Akatswiri amapeza mlingo womwe sunavulaze nyama zoyesera, nthawi zambiri n'kuugawa ndi 100, ndiye malire a munthu pa tsiku. Kwathu kuno ntchitoyi ndi ya Malawi Bureau of Standards (MBS), ya mu 1972, likulu lake konkuno ku Blantyre. Musanaiwale, dinani subscribe, n'zaulere.

Chachitatu, ndipo apa ndipsa mtima. Uthenga uja woyendayenda pa WhatsApp, woti chilichonse choyamba ndi E ndi poizoni. Bodza limenelo! E akungoimira Europe, kusonyeza kuti chinthucho chinayesedwa n'kupatsidwa nambala. Onani soda uyu, yemwe amayi amatsina pang'ono pophika therere mpaka mumphika muchite thovu. Dzina lake ndi E500. Agogo ankachita zomwezo ndi chidulo, ndani anawanena kuti akupha ana? E330 ndi asidi wa mu mandimu. E300 ndi vitamini C, yemweyo wa m'malambe.

Ndiye pali E621, MSG, wa mu timakyubu tokometsera ndiwo, amene amanenedwa koposa onse. Wasayansi wa ku Tokyo, Kikunae Ikeda, anapeza glutamate, chomwe chimakometsa mu MSG, mu ndere za m'nyanja mu 1908. Mantha anayamba mu 1968 ndi kalata ya dokotala wina yopita ku magazini ya zachipatala ku America, yonena kuti samamva bwino akadya m'malesitilanti a Chitchaina. Kalata, abale, osati kafukufuku! Kuyambira pamenepo asayansi ayesa kangapo, kupatsa anthu MSG osawauza, ndipo pa mlingo wa m'chakudya sanapeze umboni wokhazikika wa matendawo. Glutamate yemweyo ali mu tomato amene mwakazingira usipa dzulo. Ali mu mkaka wa m'mawere! Thupi silisiyanitsa wa kudimba ndi wa kufakitale. Lembani mu makomenti ngati uthenga wa pa WhatsApp uja unakufikani, ndikufuna ndione kuti tilipo angati.

Sindikuti zonse ndi zabwino ayi. European Union inaletsa E171, utoto woyeretsa, m'zakudya mu 2022. Timakyubu tija tili ndi mchere wambiri, a BP chepetsani.

Chachinayi, zina amathiramo mwalamulo kuti zitithandize: ayodini mu mchere, vitamini A mu shuga ndi mafuta ophikira.

Chachisanu ndi chomwe chimandidetsa nkhawa ine. Sabata yatha ndinapeza mwana wa mchemwali wanga lilime lili psuu, atamwa zofiira za m'kajumbo kopanda dzina, popanda deti, popanda chizindikiro cha MBS. Munathiridwa chiyani, mlingo wanji? Palibe angayankhe. Paketi yolembedwa imakuuzani zomwe zathiridwamo, ndipo cholembedwa koyamba ndicho chochuluka. Pa botolo langali pali madzi, kenako shuga.

Lachisanu tikambirana za chuku mu mtedza. Tumizani vidiyoyi ku gulu lomwe linakutumizirani bodza lija, tionana!