Jakisoni wa pamsana pobereka: zomwe kafukufuku anapeza

Zikomo amayi, zikomo abambo, nanunso agogo amene mwakhala kutsogolo kuno. Abambo mwachita bwino kubwera, chifukwa mayi akakhala pa matenda, mawu anu amamveka kwambiri kuposa mmene mumaganizira.

Lero tikambirane za jakisoni wa pamsana wochepetsa ululu pobereka, amene kuchipatala amati epidural. Mwamvapo zomwe zimanenedwa: ukangobayidwa pamsana, basi, msana udzakuwawa moyo wako wonse. Ine pa ntchito yanga ya uzamba ndaona amayi akukana thandizo, misozi ili mbwembwembwe, chifukwa cha mawu amenewa, ndipo zimandikhudza.

Tiyambe ndi kusiyanitsa majakisoni awiri amene anthu amawasokoneza. Mkati mwa mafupa a msana mumadutsa mtsempha waukulu wochokera ku ubongo, wokutidwa ndi kathumba ka madzi. Jakisoni amene amabaya kawirikawiri pa opaleshoni yotulutsa mwana, uja amati spinal, amaboola kathumbako n'kuthira mankhwala m'madzimo kamodzi kokha. Miyendo imachita dzanzi pa mphindi zochepa, ndipo pakatha maola awiri kapena atatu mphamvu yake imayamba kutha. Epidural saboola kathumbako. Singano imaima kunja kwake, adokotala amalowetsa kachubu kowonda ngati ulusi, kenako singano amaichotsa. Chotsala pamsana ndi kachubu kofewa, ndipo mankhwala amawonjezera pang'onopang'ono mpaka mayi atachira. Ululu umayamba kuzizira pakapita mphindi 10 mpaka 20. Malo obayawo ndi m'munsi, cha m'chiuno, kupitirira pamene mtsempha waukulu uja umathera. Njirayi si yachilendo ayi: dokotala wa asilikali wa ku Spain, Fidel Pagés, anailemba mu 1921.

Nanga nkhani ya msana inachokera kuti? Musaganize kuti ndi mphekesera chabe. Madokotala enieni anaikhulupirirapo. Mu 1990 wofufuza wina, Christine MacArthur, ndi anzake anatulutsa kafukufuku wa amayi oposa 11,000 amene anaberekera ku Birmingham, ku England. Pa amayi 100 alionse amene analandira epidural, pafupifupi 19 anati msana unayamba kuwavuta kwa nthawi yaitali. Pa amene sanalandire, anali 10 kapena 11. Munthu ukamva manambala amenewa, ungati mlandu watha.

Koma taganizirani bwino. Ndani amapempha jakisoniyu? Kodi ndi mayi amene wafika kuchipatala n'kuchira pa maola awiri? Ayi. Ndi uja wakhala usiku wonse njira isakutseguka, mwana wagona mokhota, mwina ndi mimba yoyamba. Mayi wotere thupi lake lavutika kale, jakisoni asanafike n'komwe. Komanso amayiwa anafunsidwa patapita zaka, ena zaka zambiri ndithu. Munthu amene anabayidwa pamsana amakumbukira malo ake, ndipo msana ukamuwawa amaloza pomwepo. Mnzake amene sanabayidwe, msana ukamuwawa amangoti ndi ntchito ya kulera.

Kuti choona chidziwike, ofufuza amagawa anthu mwamaere. Ndikupatseni chitsanzo chimene anyamata othamanga muli kumbuyoko muchimve. Kwa zaka zambiri aliyense ankadziwa kuti kudziwongola minofu usanathamange kumateteza kuvulala. Ku Australia, Rodney Pope ndi anzake anatenga anyamata 1,538 olowa kumene usilikali, n'kugawa magulu awo mwamaere: ena aziwongola miyendo asanayambe masewera, ena ayi. Patatha masabata 12, ovulala miyendo anali ofanana ndithu mbali zonse ziwiri. Zotsatirazi zinatuluka mu 2000. Maere sasankha wolimba kapena wofooka, nchifukwa chake kusiyana kukaoneka timadziwa kuti kwabwera ndi chinthu chimene tikuyesacho.

Pa epidural anachitanso chimodzimodzi. Ku Staffordshire, ku England komweko, amayi 369 a mimba yoyamba anavomera kugawidwa mwamaere, ena epidural, ena njira zina zochepetsera ululu. Anawatsatira kwa zaka pafupifupi ziwiri, kuwafunsa komanso kuyeza mmene msana ukupindikira. Lipoti la mu 2002 linasonyeza kuti panalibe kusiyana. Odwala msana analipo, ambirinso, koma mbali zonse ziwiri. Ndipo n'zomveka, amayi anzanga. Mwanyamula mimba miyezi isanu ndi inayi, mitsempha ya m'chiuno yafewa kuti mwana adutse, minofu ya pamimba yatambasuka, kenako mukuwerama kuyamwitsa ndi kunyamula khanda usana ndi usiku. Ululuwo ndi weniweni ndipo ufunika thandizo. Sindikunena kuti mukunama. Ndikunena kuti mwini mlandu si singano. Pamalo pobayidwa pamawawa masiku angapo, ngati pamene mwagunda chinthu, kenako pamapola.

Mantha ena ndi oti epidural imapititsa mayi ku opaleshoni. Apanso msampha ndi womwewo: kubereka kovuta ndi kumene kumaitana jakisoni, ndiponso ndi kumene kumaitana mpeni. Bungwe la Cochrane, limene limaunika kafukufuku wa zaumoyo, mu 2018 linasonkhanitsa zotsatira za kafukufuku 40 wogawa mwamaere, amayi oposa 11,000, ndipo silinapeze kuti opaleshoni imachuluka. Ku Chicago, ku America, dokotala Cynthia Wong anayesa amayi 750 mu 2005 kuti aone ngati kubaya msanga, khomo la chiberekero lisanatseguke masentimita anayi, kumawonjezera opaleshoni. Sikunawonjezere.

Tsopano ndikuuzeni zovuta zake, chifukwa zilipo ndipo simuyenera kubisiridwa. Kuthamanga kwa magazi kumatha kutsika, ndiye amakuikani diripi n'kumakuyezani pafupipafupi. Ena thupi limatentha, ena limayabwa, ena mkodzo umavuta mpaka kuwaika kachubu. Miyendo imalemera, ndipo nthawi yokankha mwana imatalikirako. Kale mankhwala ankathira amphamvu, mayi osamva n'komwe kuti akankhe, choncho ana ambiri ankatulutsidwa ndi zipangizo zokokera. Masiku ano amasakaniza mankhwala ochepa ochititsa dzanzi otchedwa bupivacaine ndi mankhwala opha ululu otchedwa fentanyl pang'ono, ndipo Cochrane itaona kafukufuku wochitika pambuyo pa 2005 yekha, vuto limeneli silinaonekenso bwino. Kulumala n'kosowa kwambiri. Mu 2018 bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linavomereza epidural kwa mayi wathanzi amene wapempha yekha. Mawu oti yekha amenewo, abambo ndi apongozi, muwasunge. Si chipatala chilichonse chili ndi thandizoli, chifukwa limafuna katswiri wogonetsa anthu ndi namwino woyang'anira nthawi yonse, koma pamene lilipo wosankha ndi mwini ululu.

Pali amene sayenera kubayidwa: amene magazi ake sagwirana msanga kapena akumwa mankhwala osungunula magazi, amene ali ndi chilonda cha mafinya pamsana, ndi amene wataya magazi ambiri. Zimenezi muziwauza adokotala musanawerame.

Chimodzi chimene ndikufuna mupite nacho kunyumba ndi mutu. Mwa amayi 100, pafupifupi mmodzi singano imapitirira n'kuboola kathumba kaja, madzi n'kumadontha. Zikatero, nthawi zambiri pakapita tsiku limodzi kapena awiri mutu umawawa mwachilendo: mukagona umaleka, mukadzuka umabwerera mwamphamvu. Mukaona zotere bwererani kuchipatala. Amatha kutenga magazi anu omwe pang'ono pamkono n'kuwathira pamalo paja kuti atseke kabowoko, ndipo ambiri amapeza bwino msanga. Miyendo ikapitiriza dzanzi kapena kufooka mankhwala atatha kale, kapena msana ukamawawa moonjezereka thupi likutentha, musadikire kuti kuche.