Munthu wa kamera amene saoneka pa TV: ntchito yojambula timu ya mpira ya yunivesite ku America

[Pakanema: bwalo la Michigan Stadium litadzaza, kamera ikukwera pang'onopang'ono mpaka pamwamba pa mipando yomaliza.]

Bwalo mukulionali lili mumzinda wa Ann Arbor, m'chigawo cha Michigan ku United States, ndipo limalowa anthu 107,601. Mwini wake si kalabu ayi, koma sukulu, yunivesite ya Michigan. Timu ya sukuluyi ikamasewera pakhomo, maso a khamu lonseli amakhala pa mpira. Lero ndikupemphani kuti muyang'ane m'mwamba, pomwe paima munthu amene diso lake silikuchoka pa kamera. Iyeyu si wa wailesi ya kanema, ndipo zimene akujambula simudzaziona pa nkhani zamasewero zamadzulo. Ndi wojambula vidiyo wa timu, ndipo ntchito yake ndiyo tikambirane m'vidiyo ino.

Tiyambe tamvana za masewero ake, chifukwa mpira umene tikunena pano si wamiyendo umene tinazolowera. Ndi mpira wa ku America, wosongoka mbali zonse ziwiri, umene amaunyamula m'manja ndi kuuponya, osewera atavala zipewa zolimba. Masewero oyamba a pakati pa makoleji anachitika pa 6 Novembala 1869, pamene Rutgers inakumana ndi Princeton, ndipo lero, pansi pa NCAA, bungwe loyendetsa masewero a makoleji ku America, gawo lapamwamba lokha lili ndi matimu oposa 130. Mbali iliyonse imalowetsa osewera 11. Timu imene ili ndi mpira imapatsidwa mipata inayi kuti ipite patsogolo mayadi 10, omwe ndi mamita 9 ndi pang'ono, ndipo mpata uliwonse, umene iwo amautcha play, umatha m'masekondi ochepa chabe. Kenako onse amaima, amapangana, amafolanso, n'kuyambiranso.

Kudukizadukiza kumeneku ndiko kunabala ntchito ya wojambula. Popeza play iliyonse imakhala yokonzedweratu, wosewera aliyense amakhala ndi malo ake, njira yake ndi munthu wake woti amutchinge kapena amuthawe, ndipo zonsezi zimachitika nthawi imodzi. Palibe mphunzitsi, ngakhale wodziwa chotani, amene angaone anthu 22 m'masekondi asanu ataima m'mbali mwa bwalo. Akafuna kudziwa amene anaponda molakwika, ayenera kuonera chithunzi, kuchibweza, n'kuchioneranso. Paul Brown, amene anaphunzitsa timu ya Ohio State ndi kuipatsa ukatswiri wa dziko lonse mu 1942, amakumbukiridwa ngati mmodzi mwa aphunzitsi oyamba kugwiritsa ntchito filimu mwadongosolo poyeza osewera ake. Nthawi imeneyo ankajambula pa filimu ya 16mm imene inkafunika kutsukidwa, ndipo aphunzitsi ankaidula ndi kuilumikiza ndi manja. Filimuyo inatha kalekale, panabwera matepi, kenako makompyuta, koma mpaka lero anthu a masewerowa amanenabe kuti akukaonera filimu.

[Pakanema: chithunzi cha bwalo chojambulidwa kuchokera m'mbali, kenako play yomweyo kuchokera kumbuyo kwa zigoli.]

Pali makamera awiri amene timu singachite popanda iwo. Yoyamba imakhala m'mbali mwa bwalo, pamwamba kwambiri, moyang'anizana ndi mzere wapakati, ndipo lamulo lake n'limodzi: osewera onse 22 aoneke. N'chifukwa chake chithunzichi amachitcha All-22. Yachiwiri imakhala kumapeto kwa bwalo, kumbuyo kwa zigoli, ndipo imayandikitsa chithunzi pa mzere wa osewera amphamvu amene amakankhana kutsogolo, kuti mphunzitsi aone mipata ya pakati pawo, kaimidwe ka mapazi ndi pomwe manja agwira. Zithunzi ziwirizi amazilumikiza motsatizana, cha m'mbali poyamba, cha kumapeto pambuyo, pa play iliyonse kuyambira yoyamba mpaka yomaliza.

Apa mpomwe ambiri amene anaphunzira kujambula maukwati kapena nyimbo amavutikira akalowa ntchitoyi, ndipo ine ndimaona kuti mpomwe pagona luso lenileni. Mtima wa wojambula aliyense umafuna kutsata mpira ndi kuyandikitsa chithunzi pa nkhope ya amene wagoletsa. Kwa mphunzitsi, chithunzi chotero n'chotayika. Iye akufuna kuona wotchinga wakumbuyo amene ali mamita 20 kutali ndi mpira, chifukwa mwina ndiye amene ananyengeka n'kusiya mpata. Choncho wojambula wa m'mbali amayamba kujambula mpira usanayambe kuyenda, osewera akufola, kuti kafoledwe kaoneke. Mpira ukayamba, amatsegula chithunzi pang'onopang'ono molingana ndi mmene othamanga akumwazikira, ndipo amadikira kuti mpira uponyedwe kapena wothamanga nawo adutse mzere umene play inayambira asanayambe kuyandikitsa. Pomaliza amafika pafupi mokwanira kuti manambala a pa malaya a amene agwetsana awerengeke, n'kuzimitsa wapito ataimba. Pamasewero, nthawi zambiri amajambulanso bolodi la zigoli kwa kanthawi play isanayambe, kuti nthawi, zigoli ndi mtunda wotsala zidziwike kwa woonera mawa.

Zonsezi ayenera kuzichita maulendo oposa 100 pa masewero amodzi, dzanja lisakunjenjemera, kaya kukugwa mvula, kaya ndi chipale chofewa cha mwezi wa Novembala m'zigawo zakumpoto. Timu imapatsidwa masekondi 40 pakati pa play ina ndi inzake, koma matimu ena amathamangitsa masewero mwadala osadikira nthawiyo, kotero kuti wojambula amene wacheukira kumbali kapena wayamba kusangalalira chigoli amapeza play yadutsa. Play yodutsa siibwereranso. Lamlungu m'mawa mphunzitsi akafika pamenepo n'kupeza palibe, amadziwa bwino lomwe amene anali pa kamera.

Komatu masewero enieni ndi gawo laling'ono la ntchito. Timu imasewera masewero 12 pa nyengo, kuyambira kumapeto kwa Ogasiti mpaka kumapeto kwa Novembala, ambiri mwa iwo Loweruka, ndipo masiku otsalawo ndi a zokonzekera, kuphatikizapo msasa wa mu Ogasiti ndi masiku 15 amene malamulo amalola chakumayambiriro kwa chaka, nyengo yozizira ikamatha. Zokonzekerazi amazigawa m'tizigawo ta mphindi zochepa, lipenga likalira magulu amasintha malo, ndipo nthawi imodzi pamatha kukhala magulu asanu kapena kuposa, lililonse pangodya yake. Wojambula aliyense amalandira pepala la ndondomeko ya tsikulo, losonyeza gulu limene alitsate pa kachigawo kalikonse. Pamene zokonzekera zili m'kati, wina amathamanga kutolera makhadi a m'makamera n'kupita nawo ku ofesi, kapena zithunzi zimayenda zokha pa waya kukalowa mu seva, kompyuta yosungira vidiyo zonse, cholinga chili choti aphunzitsi akamatuluka kosamba apeze zonse zili kale pa makompyuta awo.

Changu chimenechi chili ndi chifukwa chake. Malamulo a NCAA amati m'nyengo ya masewero wosewera asagwiritsidwe ntchito za timu maola oposa 20 pa sabata, poti ndi mwana wasukulu, ndipo kuonera filimu mokakamizidwa ndi mphunzitsi kumawerengedwa m'maola omwewo. Mphindi imene yatayika podikira vidiyo ndi mphindi imene mphunzitsi sadzaipezanso.

[Pakanema: kompyuta yoonetsa mndandanda wa ma play, pambali pali vidiyo.]

Mu ofesi, play iliyonse imakhala kachidutswa kakekake, ndipo imaikidwa m'gulu limodzi mwa atatu: kuukira, kuteteza, kapena kumenya mpira ndi phazi. Kenako amailembera zizindikiro zosonyeza kuti unali mpata wachingati, panatsala mayadi angati, mpira unali pamzere uti, osewera anafola motani, ndipo zinatha bwanji. Ogwira ntchito ya vidiyo amalemba zina, aphunzitsi aang'ono amalemba zinazo. Phindu lake limaoneka pamene mphunzitsi wa otchinga anena kuti akufuna kuona ma play onse amene adani a sabata ino anachita pa mpata wachitatu patatsala mayadi oposa 7, m'masewero awo anayi apitawa, ndipo kompyuta imamusonkhanitsira nthawi yomweyo. Mapulogalamu odziwika pa ntchitoyi ndi monga XOS, imene kampani ya Catapult inagula mu 2016, DVSport, ndi Hudl, imene inayambira mumzinda wa Lincoln ku Nebraska mu 2006. Koma pulogalamu imangobweza zimene munthu anaiuza. Akalemba 3 pomwe panayenera 2, mphunzitsi amakonzekera nkhondo ndi uthenga wabodza.

Mwina mukufunsa kuti filimu ya adani amaitenga kuti. Matimu amasinthana okha, motsatira mapangano a maligi awo, ndipo wamkulu wa vidiyo amayenera kutumiza ya timu yake pa nthawi yake masewero akangotha, nthawi zina ali m'basi kapena pabwalo la ndege. Chimene sichiloledwa, kuyambira mu 1994, ndi kutuma munthu kukazonda pamasom'pamaso masewero a timu imene mudzakumane nayo m'nyengo yomweyo. Lamuloli linamveka dziko lonse mu 2023, pamene zinadziwika kuti wogwira ntchito wina wa timu ya Michigan, Connor Stalions, ankagulira anthu matikiti kuti akajambule zizindikiro za manja zimene aphunzitsi a matimu ena amauzira osewera awo play yoti achite, ndipo ligi ya Big Ten, imene Michigan imaseweramo, inaimitsa mphunzitsi wamkulu wa timuyo panthawiyo, Jim Harbaugh, masewero atatu. Nyengo yotsatira, mu 2024, NCAA inalola kuti mphunzitsi azilankhula ndi wosewera mmodzi kudzera m'chipewa, komanso kuti timu izikhala ndi matabuleti osaposa 18 oonerapo vidiyo ya masewero amene akuchitika. Kwa ojambula, kusinthaku kunali katundu watsopano, poti chithunzi chimene kale chinkadikira usiku tsopano chimafunika m'manja mwa mphunzitsi osewera akangotuluka m'bwalo.

Palinso gulu lina la ojambula, la tizithunzi tokongola ta pa Instagram ndi YouTube tokopa otsatira timu ndi osewera atsopano. Iwowo amaloledwa kuyandikira nkhope ndi kusewera ndi kuwala, ndipo m'masukulu akuluakulu amakhala nthambi yapadera.

Amene amayendetsa nthambi ya filimu ya aphunzitsi ndi wolembedwa ntchito, ndipo iye ndi anzake a m'masukulu ena ali ndi bungwe lawo, Collegiate Sports Video Association. Koma manja ambiri amene amagwira makamera ndi a ophunzira a pasukulu pomwepo, amene m'mawa amakhala m'kalasi, masana ali pabwalo. Masukulu ena amawalipira pa ola, ena amawachotserako fizi. Ndi achinyamata amene amafika osewera asanafike n'kuchoka osewera atachoka, ndipo pokhala aang'ono pa onse m'nyumba imene mawu a mphunzitsi wamkulu sabwezedwa, n'kovuta kuti anene kuti ayi. Mfundo imeneyi ikutifikitsa pa nkhani imene sindingathe kuilumpha.

[Pakanema: makina okweza munthu m'mwamba ataima m'mbali mwa bwalo lopanda anthu.]

Mabwalo ochitira zokonzekera sakhala ndi mipando yaitali ngati ya bwalo lalikulu, choncho kwa zaka zambiri ojambula ankakwezedwa pa makina awa, amene amatambasuka ngati sizasi mpaka mamita 12 kapena kuposa. Pa 27 Okutobala 2010, Declan Sullivan, wophunzira wa zaka 20 pa yunivesite ya Notre Dame ku Indiana, anali pamwamba pa makina otere akujambula zokonzekera za timu yake, pa tsiku la mphepo yamkuntho imene inafika liwiro loposa makilomita 80 pa ola. Makinawo anagwa, ndipo mnyamatayo anamwalira. Nthambi ya boma la Indiana yoona za chitetezo pantchito inalipitsa sukuluyo chindapusa cha madola 77,500, chimene pambuyo pa kukambirana chinatsika kufika pa 42,000. Mtsogoleri wa yunivesiteyo panthawiyo, Bambo John Jenkins, anavomera poyera kuti sukulu inalephera kumuteteza, ndipo kafukufuku wa sukuluyo anapeza kuti ogwira ntchito ankadalira malipoti a zanyengo amene anali atapitirira nthawi.

Chimene chimandiwawa pa nkhaniyi n'chakuti chithunzi chimene ankajambula tsikulo chinali cha zokonzekera za Lachitatu, choti aphunzitsi achionere madzulo omwewo basi. Mu 2011 Notre Dame inasiya kukweza ojambula pa makinawo, n'kuika makamera pamwamba pa mizati yaitali, oyendetsedwa ndi munthu ali pansi, ndipo inathandiza kuyambitsa kampeni yophunzitsa masukulu ena kagwiritsidwe ntchito koyenera ka makinawa. Masiku ano matimu ambiri amajambula ndi makamera a pamizati yotambasuka, nsanja zomangidwiratu, ngakhalenso madroni. Komabe makina okweza munthu sanatheretu, ndipo wophunzira aliyense amene akufuna kulowa ntchitoyi ayenera kufunsa asanakwere ngati pali chipangizo choyezera mphepo pabwalo pomwepo, ngati sukulu inalemba liwiro la mphepo limene makina amayenera kutsitsidwa, ndiponso dzina la munthu amene ali ndi mphamvu yolamula kuti atsike ngakhale mphunzitsi wamkulu akufunabe chithunzi chake.