Mawu kwa alamu anga ku Dómuè, za bala la achimwene

Alamu, mwaswera bwanji kumeneko? Ndamva kuti achimwene awatulutsa ku chipatala cha Ulónguè. Mvetserani mpaka kumapeto, kenako muwaikire nawonso amve.

Kathumbo kaja ka apendikisi, kamene kali kumunsi kwa mimba chakumanja, kanaphulika, mafinya n'kumwazikira m'kati. Zikatere, madokotala akakachotsa pa opaleshoni amapopa mafinyawo ndi makina, n'kutsukuluza malowo ndi soro yofunda, madzi a mchere omwe aja a m'dripi, mpaka otulukawo ayere. Ena asanasoke khungu amatsukanso balalo ndi ayodini wosungunula, wofiirira uja timati Betadine. Ndiye kutsuka kwa m'kati kunathera pa tebulo pompaja. Kwanu kunyumba n'kusunga bala laukhondo basi.

Ndikudziwa anthu abwera kudzazonda, aliyense ndi mankhwala ake. Chonde alamu, phulusa ayi, masamba otafuna ayi, kachasu ayi, ngakhale ufa wa kapisozi wothira pa bala ayi. Kachasu amawotcha mnofu watsopano umene ukufuna kulumikizana. Mukaona kuti mbali ina ya bala sanaisoke, musadandaule kuti anaiwala. Pa apendikisi yophulika nthawi zina amasiya dala kuti mafinya azituluka.

Penso, ndiye kuti kutsuka bala ndi kusintha bandeji, muzikachitira ku chipatala chaching'ono, pa masiku amene anakulemberani. Ngati mvula yatseka njira, bandeji n'kunyowa, sambani m'manja ndi sopo, wiritsani madzi lita 1, muikemo mchere masupuni a tiyi 2 osasefukira. Akazizira, pukutani ndi gozi yoyera kuchokera pa bala kupita kunja, kamodzi, n'kutaya, kutenga ina. Osapopera madziwo m'kati mwa bala. Otsala mutaye, mawa mudzawiritse ena.

Mapiritsi amalize onse, ngakhale akumva bwino.

Tsono apa ndi pamene pakundisowetsa tulo. Kutsuka kuja sikuchotsa tizilombo tonse. Kawirikawiri pakati pa tsiku la 5 ndi la 10 chichitireni opaleshoni, mafinya amatha kusonkhananso m'kati, kunja bala likuoneka bwinobwino. Munthu amene anayamba kudya amakananso nsima, thupi kutentha makamaka madzulo, mimba kufufuma, kusanza, kapena kumangopitapita kuchimbudzi. Musangoti ndi malungo n'kukagula mankhwala pa msika. Pezani njinga yamoto kapena galimoto tsiku lomwelo, ngakhale usiku, mubwerere ku Ulónguè ndi kapepala kawo kotulukira. Chimodzimodzi bala likafiira, likatupa, kapena likayamba kununkha.

Aziyenda pang'onopang'ono pabwalo tsiku lililonse, asamangogona. Koma khasu ndi matumba a mbatatesi aziiwale kaye kwa milungu 6. Ndimawadziwa achimwene anga, adzati achira, inu mukane. Mukabwerako ku penso Lachisanu mundiimbire, mundiuze mmene balalo likuonekera.