Kachitsulo kofiira kaja ukamatsika

Ee mphwanga, ndine malume ako kuno ku Dedza. Ndamva zoti injini ya ndege imene ukuphunzira kuuluka ikumatsokomola ukamatsika. Tchera khutu, netiweki ikuvuta, sindibwereza.

Ukakhala m'mwamba, tinene mafiti 9,500 podutsa phiri lathu lino la mamita 2,198, mpweya umakhala wopepuka. N'chifukwa chake umakoka mixture, kachitsulo kofiira kaja, kuti mafuta achepe alingane ndi mpweyawo. Tsono ukayamba kutsetsereka kulowera ku Salima, mpweya umanka nuchuluka koma mafuta ali pomwe unawasiya paja. Injini imamva njala. Kutsokomolako n'kumeneko. Choopsa chenicheni chili pansi: wafika pa runway, waona mbuzi, wakankha throttle, kachitsulo kowonjezera mphamvu ya injini, kuti ukwerenso, injini n'kuchita chidodo kapena kuzimiratu.

Ndiye uzitere. Mphuno ikangoloza pansi, dzanja lizipita pa kofiirako. Kankha pang'ono, dikira, mvetsera. Watsika mafiti 1,000 ena, kankhanso pang'ono. Ngati ndegeyo ili ndi geji ya EGT, yoyeza kutentha kwa utsi wotuluka mu injini, singano isamakwere kupitirira pomwe inali uli m'mwamba. Ngati ilibe, khutu lako ndiye geji, injini izilira mosalala.

Koma usachite za anyamata ena, ongokankha konse mpaka kukhoma akadali kumwamba, ati kuti asaiwale. Ine zimenezo zimandinyansa. Mafuta akachuluka masilinda amazizira mwadzidzidzi, pomwe a Lycoming, opanga injini za ndege, amati kutentha kwa mitu ya masilinda kusamatsike kuposa madigiri 50 Fahrenheit pa mphindi imodzi. Komanso avgas wathu, mafuta a ndege abuluu aja a 100LL, ali ndi mtovu. Injini ikamayenda yozizira, mafuta ali tho, mtovuwo umakangamira pa mapulagi. Mawa pa run-up, poyesa injini usananyamuke, uona magneto imodzi, kachipangizo kopereka moto ku mapulagi, ikugwetsa kwambiri liwiro la injini, ulendo n'kuchedwa. Throttle nayonso usaibwezeretu yonse, siyako mphamvu ndithu.

Za carb heat, kachitsulo kolowetsa mpweya wotentha mu kabuleta mosakanizira mafuta ndi mpweya muja, ukudziwa nkhungu ya kuno mmene imachitira m'mwezi wa Juni. Chinyezi chotero, throttle ili pansi, kabuleta imagwira ayezi. Koka carb heat yonse, osati theka. RPM, liwiro la kuzungulira kwa injini, itsika pang'ono, usadabwe. Ungokumbukira kuti mpweya wotentha ndi wopepuka, ndiye mafuta achulukirako okha, usathamangire kuwonjezera ena.

Pofika pa downwind ku Salima, pomwe umauluka m'mbali mwa runway pokonzekera kutera, kunyanja kuja n'kotsika, kankha mixture yonse. Ku Lumbadzi n'kosiyana. Bwalo la Kamuzu lili pa mafiti pafupifupi 4,000, ndipo masana a mu Okutobala injini imamva ngati ili kupitirira 6,000. Buku la Cessna 172 limati kupitirira mafiti 3,000 uchepetse mafuta ponyamuka kuti RPM ikwane. Za potera pamenepo tsegula buku la ndege yakoyo, mukhale pansi ndi aphunzitsi ako mugwirizane musananyamuke.

Undiuze ngati injini yakoyo ili ya kabuleta kapena ya fuel injection, yopopera mafuta popanda kabuleta, chifukwa ya fuel injection ilibe carb heat. Uwapatse moni amayi ako.