Manja a Mose analema

Mwadzuka bwanji abale ndi alongo, inu a muno mu Joni ndi inu a kumudzi amene mumawerenga mawuwa pa foni. Lero titsegule Eksodo 17, ndime 8 mpaka 13.

Aisraeli ali ku Refidimu, ndipo Aamaleki awaputa nkhondo. Yoswa ali kumunsi ndi ankhondo, Mose wakwera phiri, ndodo ya Mulungu ili m'dzanja. Akakweza manja, Israeli akupambana. Akawatsitsa, akupambana ndi Amaleki. Ndiye ndime 12 ikunena chinthu chimene kwa zaka zambiri ndinkangochidumpha powerenga: manja a Mose analema. Dzanja lomwe lija analitambasula nyanja n'kugawikana, tsiku limeneli linamukanika.

Ndime imeneyi inandilowa mumtima nditayamba kudwala. Matenda anga madokotala amati myasthenia gravis. Asilikali a m'thupi, amene ntchito yawo ndi kulimbana ndi tizilombo, amatembenuka n'kuyamba kuwononga malo amene mtsempha umaperekera uthenga ku mnofu. Mutu walamula kuti dzanja likwere, uthenga watumizidwa, koma sukufika bwino, ngati foni netiweki ikavuta. M'mawa chonchi ndimakhala munthu ngati wina aliyense. Likamapendeka dzuwa, chikope chakumanzere chimayamba kugwa chokha, basi imodzi ndimaiona ziwiri, mawu amatulukira m'mphuno, ndipo kupesa tsitsi kumakhala ngati kusenza thumba la chimanga. Palibe bala loti munthu aone. N'chifukwa chake ena amati ndi ulesi, ena amati ndi zakumudzi.

Mankhwala alipo, ndipo ndimathokoza Mulungu chifukwa cha iwo. Pyridostigmine amandibwezera mphamvu kwa maola atatu kapena anayi, kenako ndimwenso wina. Prednisone amaziziritsa asilikali opanduka aja. Koma prednisone amabwera ndi mtengo wake. Masaya amafufuma, nkhope n'kuzungulira ngati mwezi. Njala yake ndi yosamva. Tulo timathawa, 2 koloko usiku uli maso kuwerenga malata. Mtima umapsa ndi zazing'ono, n'kukalipira mwana wosalakwa. Shuga ndi BP zimatha kukwera, mafupa amafooka pang'onopang'ono, ndipo chimfine chimene ena chimawatha masiku awiri, iwe chimakugoneka.

Mu Okutobala ndinayenera kupita kwathu ku Chiradzulu kukaona chiliza cha bambo anga. Amene munakwerapo basi pa Park Station mukudziwa kuti ulendo umenewu si wamasewera. Polokwane, Musina, usiku wonse pamzere ku Beitbridge, kenako Masvingo, Harare, Nyamapanda, Tete, Zobue, mpaka Mwanza. Munthu wathanzi amafika atatheratu. Nanga ine?

Ndinakonzekera momwe adokotala anandilangizira. Mapiritsi onse m'chikwama cha m'manja, osati m'katundu wa pansi pa basi, ndi ena apadera a milungu iwiri kuopa kuchedwa kubwerera. Kalata ya adokotala m'kati mwa pasipoti, yonena dzina la matenda, mankhwala amene ndimamwa, ndi amene sindiyenera kupatsidwa. Pamenepa ndiimepo pang'ono, chifukwa kwathu ndi kwa malungo. Kwinini amatha kumufooketsa kwambiri munthu wa matenda amenewa, chimodzimodzinso mankhwala ena ophera tizilombo monga ciprofloxacin ndi gentamicin. Ngati muli ndi m'bale wodwala chonchi, kaya mwapita naye kuchipatala chaching'ono chotani, nenani dzina la matendawo asanalembe mankhwala. Ndipo akayamba kubanika kapena kulephera kumeza ngakhale malovu, musadikire kuti kuche.

Zonsezi ndinachita. Koma m'basi munali nkhondo ina imene kalata siyikanandimenyera. Prednisone akuti idya, nsagwada zikuti sitingathe. Anzanga akutafuna nkhuku ndi tchipisi, fungo lili ponseponse, ine ndaluma kawiri n'kutopa. Ndinakhalira nthochi zakupsa ndi mahewu. Pyridostigmine nayenso nthawi zina amapotokola m'mimba, ndiye mukudziwa kuti basi siyiima poti wina wafuna. Mapazi anatupa, nsapato ndinavula tisanafike ku Harare.

Pa Nyamapanda m'pamene manja anga analema. Dzuwa la Okutobala kumeneko, poyandikira chigwa cha Zambezi, silichitira chisoni munthu, ndipo kutentha ndi mdani wa matendawa. Tinaima pamzere wodinditsa mapasipoti, chikwama chili paphewa. Ndinangomva khosi likulemera, mutu ukugwera kutsogolo, diso limodzi latsekeka. Ndinayesa kuitana mlamu wanga amene ndinali naye, mawu anatuluka osokonekera. Mnyamata wina kumbuyo anati, "Amayiwa amwa m'mawa uno." Sindimuimba mlandu, ndi mmene zinkaonekera. Koma zinandibaya.

Kunali mayi wina wachisilamu wa ku Mangochi, amene tinakhala mipando yoyandikana osayankhulana kwenikweni chichokereni ku Joni. Sanafunse mafunso. Anatenga ndowa yake yatsopano imene ankapita nayo kumudzi, anaivundikira pansi pamthunzi wa khoma, nati, "Khalani apa, achemwali." Ananyowetsa nsonga ya chitenje ndi madzi ake akumwa n'kundiika pakhosi ndi m'maso. Mlamu anandivula chikwama, anandimwetsa piritsi pang'onopang'ono kuti ndisatsamwe, n'kukaima pamzere m'malo mwanga mpaka nthawi yanga itakwana. Wina mbali iyi, wina mbali inayo. Patapita mphindi ngati 40, chikope chinayamba kutseguka.

Nditakhala pandowa paja ndinakumbukira Mose, ndipo ndinalira. Taonani zimene Mulungu anachita paphiri paja. Akanatha kumupatsa Mose manja achitsulo, si chinthu chomuvuta. Koma zimene tikuwerenga ndi mwala woti akhalepo, ndi anthu awiri, Aroni ndi Huri, omugwiriziza manja mpaka dzuwa kulowa. Mose anapempherera nkhondo ija ali chikhalire. Ndipo Baibulo silikumudzudzula, silikuti chikhulupiriro chake chinachepa. Likungoti manja analema, monga amalemera manja a munthu aliyense.

Ndikunena izi chifukwa m'mapemphero athu muno ndamva mawu amene amavulaza odwala. Mlaliki wina anandiuzapo kuti ndikataye mapiritsi ngati umboni woti ndakhulupirira. Abale, ndikukupemphani ndi mtima wonse, mawu otere musamauze munthu. Amene wamwa prednisone kwa nthawi yaitali, thupi lake limachepetsa kupanga lokha mphamvu ina yofunika imene mankhwalawa akuimira. Akasiya mwadzidzidzi akhoza kukomoka, ngakhale kutaya moyo. Amachepetsa ndi adokotala, pang'onopang'ono. Ine ndimakhulupirira kuti Yesu amachiritsa, ndipo ndimapempha machiritso tsiku ndi tsiku. Koma kukankha mwala umene Mulungu wakuikira, n'kumati ndiima ndekha kuti anthu aone, ine sindikuona chikhulupiriro pamenepo. Kumeneko n'kumuyesa Mulungu.

Kumudzi kunandidikira mayeso ena. Ndisanatsitse n'katundu yemwe, azakhali anayamba kululutira: "Taonani mwana wathu, Joni yamuyanja! Masaya ngati mkazi wa bwana!" Ena anayamba kuwerengera m'mitima kuti ndabwera ndi ndalama zingati. Ena ananong'onezana zina atandiona ndikumwa mapiritsi. Usiku woyamba ndinagona ndi mkwiyo, ndikudziyang'ana pa foni, osaizindikira nkhope yanga. Koma m'mawa mwake ndinaganiza: Aroni ndi Huri akanadziwa bwanji ngati Mose akanabisa? Ndinawakhazika pansi amayi ndi azakhali n'kuwafotokozera zonse, za asilikali opanduka, za masayawa, za chifukwa chimene sindingapite nawo kudambo masana. Amayi sananene zambiri. Kuyambira tsiku limenelo nsima yanga inkabwera yofewa, ndi therere, ndipo pa tsiku la chiliza panali mpando pansi pa mtengo wa mango, woikidwa ndisanapemphe.

Kulandira thandizo kumapweteka, makamaka kwa ife a kuno. Tinazolowera kuti ndife otumiza, ndife olipira fizi, ndife ogula feteleza. Kumudzi amatidziwa ngati anthu okweza manja kuti banja lipambane. Ndiye kunena kuti "ndalema" timakuona ngati manyazi. Alipo wina akuwerenga pano amene wabisa matenda ake ngakhale kwa amene amagona naye chipinda chimodzi ku Mayfair kapena ku Diepsloot. M'bale wanga, uzako ngakhale munthu mmodzi lero.

Ndipo inu athanzi amene mwayamba kale kusunga za basi ya Disembala, muzitembenukako pamzere paja. Amene akuoneka ngati waledzera, kapena wonenepa amene akupempha mpando, mwina akumenya nkhondo imene simukuiona.

Tipemphere. Atate, Inu mukudziwa mapangidwe athu, mukumbukira kuti ndife fumbi. Kumbukirani odwala onse amene ali pa ulendo m'mawa uno, amene agona pa Beitbridge, amene akuwoloka Zambezi pa Tete dzuwa likutentha. Apatseni pokhala, apatseni madzi ozizira, apatseni munthu kumanja ndi kumanzere. Dalitsani mayi uja wa ku Mangochi kulikonse kumene ali, pakuti dzina lake mukulidziwa ndinu. M'dzina la Yesu, Amen.

Phala langa lapsa, ndikadye kuti ndimwe mankhwala ndisanakwere taxi ya kuntchito. Muswere bwino nonse.